Mmene Apongozi Anga Anakwelela Njinga

Shilingi imodzi ndi sikisi. Ndiwo mtengo wa mtsuko wa apongozi anga pamsewu waukulu ku Nyimba, pamene ya anthu ena imathela pa shilingi imodzi, wogula akung'ung'udza. Oyendetsa malole amaugogoda ndi chala, ukalila bwino amatulutsa ndalama osanenelela. Mitsuko imeneyi ndaigulitsa zaka zitatu, ndikukhala mudzi umodzi ndi mwini wake, koma kufikila miyezi iwili yapitayi sindinali kudziwa ngati ali ndi mano onse m'kamwa.

Ine ndine Wilbroad Daka, wogulitsa mchele, sopo, singano ndi nsalu panjinga. Makolo anga anachokela cha ku Katete nadzakhazikika ku Nyampande, m'dela la Petauke. M'chaka cha 1954, ndikuzungulila ndi malonda m'midzi ya kwa Luembe, ndinaona Eneless akupeta mapila pakhomo, ndipo mchele wa tsiku limenelo ndinaugulitsa moluza. Tinakwatilana. Monga mwa mwambo wa kuno ndinamanga nyumba kwawo kwa mkazi, ndinakhala mkamwini.

Amene sanakhalepo pachikamwini amayesa kuti apongozi ndi dzina loitanila munthu, monga amalume kapena azakhali. Sichoncho. Amai a mkazi wako ndi apongozi, atate ake ndi apongozi, nayenso mkazi wako amatchula makolo ako chimodzimodzi, koma mawuwa umawanena eni ake palibe. Pamaso pawo suwanena, chifukwa pamaso pawopo sufikapo. Ine ndinali kuwamva kwambili ngati chenjezo. Ndikamatsika ndi njinga kunjila ya kuchitsime, azimai otunga madzi anali kufuula kuti, "Apongozi kutsogoloko!" Pomwepo ndinali kugwila mabuleki n'kulowa patchile, njinga ndi katundu yemwe. Iwonso anali kupatukila mbali inayo, n'kugwada chofulatila mpaka belu langa limveke patali. Tsiku lina tonse awili tinathawila mbali imodzi. Pobwelela m'mbuyo ndinakagwela m'chitedze, ndipo ndinadzikanda mpaka madzulo mudzi wonse ukuseka.

Anthu a kutauni amati chimenechi ndi chidani. Ndi ulemu, kungoti ndi wolemela: sudya nawo, suwayang'ana kumaso, suwakhudza, sulowa m'nyumba mwawo. Umapepuka pokhapokha apongozi eni ake akafuna. Amapha nkhuku yawo, nakuitana kuti mudye mbale imodzi abale akuona. Kumeneko timati kulowana. Ambili amatelo mwana woyamba akabadwa. Wathu Josephine anabadwa, anakwawa, anayamba kuthamanga, nkhuku za apongozi zikungoswana.

Dzina lawo la ubatizo ndi Keziah, a kwa Mumba. Ndalilemba pano kamodzi kokha, pakamwa sindinalitchulepo. Mudzi wonse umati amake Rosemary, potengela mwana wawo woyamba. Za moyo wawo ndinazimva kwa mlamu wanga Virginia, mwana wa akulu awo, amene pakamwa pake sipakhala chitseko. Amuna a apongoziwo anapita kumapulazi a fodya ku Halale, Eneless akali kumsana. Chaka choyamba anatumiza bulangete, chachiwili moni wokha, kenako zii. Maiyo anatsala ndi ana aakazi atatu ndi khasu limodzi. Kuumba anali atakuphunzila ali mtsikana, koma kunakhala ntchito yeniyeni pamene msonkho wa nyumba ndi njala zinayamba kugogoda pakhomo. Dongo amakumba okha pamtapo wa kuseli kwa phili, amalisinja, nalisakaniza ndi mapale opela, ndipo mtsuko ukafota amaukulungiza ndi mwala wosalala umene anawasiyila amai awo. Chaka cha chilala anali kusenza mitsuko iwiliiwili kukwela nayo kumidzi ya kumtunda kukasinthanitsa ndi mapila, ndipo pakhomo pawo sipanachoke malilo. Ana atakula, Rosemary anapita ndi mwamuna wake ku Lusaka, Sarah anapita ndi wake kumigodi. Anatsala Eneless yekha.

Malonda athu tinali kuwachita opanda mawu. Iwo anali kuika mitsuko yowotcha kale pansi pa nkhokwe yanga, ine ndikachoka ku Nyimba ndinali kusiya ndalama zawo m'chipanda pomwepo. Akafuna kundiuza kanthu anali kuuza nkhuku. Anali ndi thadzi lakuda limene silinali kuchoka pakhonde, ndipo akamva kuti ndili kuseli kwa nyumba anali kukweza mawu.

"Iwe nkhuku, eni njinga achulutse udzu pomanga mitsuko. Ija ya mailo inapita ikugundana mpaka kudambo, ndinaimva."

Ine ndinali kuwomba m'manja kuseliko, n'kukamweta udzu.

Mtima wanga wonse unali pa Nyimba. Chiyambile Chitaganya malole a pakati pa Lusaka ndi Fort Jameson achuluka, ndipo ambili amaima pamenepo, oyendetsa akufuna tiyi, fodya ndi sopo. Munthu wokhala ndi kasitolo ndi benchi pakhonde angagulitse tsiku limodzi zimene ine ndimapalasila sabata yathunthu. Malo ndinali nditawaona kale pafupi ndi mtengo wa mlambe, malata asanu ndi limodzi ndinali nditagula n'kusungitsa kwa mnzanga wosoka zovala. Chosowa chinali chimodzi, chilolezo chotenga Eneless kuchoka kwawo, chimene timati chitengwa. AAbednego, mlongo wa apongozi, ndiwo mwini mbumba, koma aliyense anadziwa kuti pankhani iyi mawu otsiliza ali ndi amake Rosemary. Ndipo pempho lotelo mkamwini amalinena yekha pamaso, atalowana.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, apongozi anali kuwotcha mitsuko kudambo. Chikuni choyaka chinagubuduka pamulu n'kuwagwela pamwendo, m'munsi mwa bondo. Anafinyilapo masamba, anamanga nsanza, n'kupitiliza ntchito mpaka moto unazima. Patapita masiku chilonda chinayamba kununkha, mwendo unatupa, ndipo kumtapo anasiya kupita.

M'mawa wina Eneless anabwela kuchokela kwa amake maso ali ofiila.

"Bambo ake Josephine, amai atentha thupi. Mwendo uja ukundiopsa."

"Ndiwatenge panjinga mpaka ku Nyimba, tikakwele lole ya ku Petauke. Kuchipatala cha paboma kuli jakisoni."

"Panjinga ya ndani?"

"Kodi m'mudzi muno muli njinga zingati?"

Inalipo imodzi, ndipo wodziwa kupalasa anali mmodzi. Kwa Luembe kulibe ngolo, chifukwa ntchentche za kashembe sizilola ng'ombe. Machila amafuna amuna anayi amphamvu, koma amphamvu onse ali kumigodi ndi kumapulazi. Otsala anali aAbednego a chifuwa ndi nkhalamba ziwili.

Eneless anapita kukanena, ndipo sanachedwe kubwelela.

"Akuti mwendo ndi wawo, ukafuna kuwola uwole. Akuti sangagwile m'chiuno mwa mkamwini dzuwa likuwala, midzi yonse ya m'njila ikuonelela."

Ine ndine munthu wofulumila, ndipo pamalonda zimandithandiza. Ndinaganiza kuti ngati chotchinga ndi nkhuku, nkhuku ndi chinthu chogula. Ndinapalasa kumudzi wapafupi, ndinagula tambala wofiila wonenepa, ndinamumanga miyendo n'kumuika pansi pa nkhokwe ya apongozi, osauza ngakhale Eneless. Dzuwa lisanafike pamutu ndinaona Virginia akubwela, tambala ali m'manja chadodolido.

"Alamu, tambala wanu wasochela."

"Sanasochele. Ndamuika dala."

"Ha! Kwanu ku Nyampande mkamwini ndiye amaphela apongozi nkhuku? Ndiye kuti mukuwauza kuti sadziwa mwambo, kapena kuti ndi amphawi? Mailo mudzawaphunzitsanso kubeleka?"

"Virginia, mwendo ukuwola, inu mukukamba za tambala."

"Nanga mukuyesa alibe nkhuku? Zadzaza bwalo ngati ana a sukulu. Khalani pansi, aNjinga, ndikuuzeni chimene mudzi wonse ukudziwa kupatula inu odziwa masamu."

Ndinakhala pamtondo wogona. Virginia anaponya tambala pansi, nakonza nsalu yake.

"Mwamuna wa Rosemary anamuphela nkhuku Loweluka. Lamulungu potuluka m'tchalitchi anapempha chitengwa. Munthu amene wadya naye mbale imodzi dzulodzulo sumukaniza, ndi manyazi. Rosemary anapita. Wa Sarah anayembekezako mwezi, naye anapempha. Sarah anapita. Ndiye amai aang'ono anaona kuti mpanda wawatsalila umodzi wokha: osalowana. Malata anu ali kwa telala ku Nyimba aja mukuyesa sawadziwa? Amadziwa ndi kuchuluka kwake komwe."

"Koma angataye mwendo."

"Ndinawauza zomwezo. Akuti wopanda mwendo amaumba atakhala pansi. Wopanda mwana amutungila madzi ndani?"

Zaka zitatu ndinali kuyesa kuti mwina sindilima mokwanila, mwina ndimawanyansa chifukwa ndine wobwela. Pamene ine ndinali kuwelengela masiku akuti nkhuku iphedwe, iwo anali kuopa tsiku lomwelo. Ndinakumbuka m'mene amaitanila Josephine madzulo kuti adzatafune nshawa zokazinga, ndi m'mene nyumba ziwili za Rosemary ndi Sarah zinagwela pafupi ndi yawo, maungu akuyanga pazipupa.

Dzuwa litapendeka ndinaitana aAbednego ndi Virginia kuti akhale mboni. Ndinakankha njinga mpaka kuseli kwa nyumba ya apongozi, ndinagwada, n'kuyamba kupopa tayala limene linali lokhuta kale.

"Iwe njinga," ndinatelo mokweza, "undimve bwino. Za ku Nyimba ndimazifunadi, sindingabise. Koma pakamwa panga sipadzatuluka pempho la chitengwa, chaka chino kapena chaka china, pokhapokha eni mwana atayamba okha. Ndanena pamaso pa akulu awa. Za tambala ndalakwa, ndi chibwana. Chimene ndikupempha ine ndi mwendo."

AAbednego anatsokomola. Kenako tinamva mawu ofooka.

"Iwe nkhuku, wamva? Wamalonda akalumbila, umayamba wayang'ana m'thumba mwako."

Virginia anagwila pakamwa kuti asaseke.

"Iwe njinga," ndinatelo, "uwauze kuti ndikadzaswa mawu awa, aAbednego adzakulande, ine ndiziyenda wapansi."

"Ine ndidzaitani nayo, kupalasa sindidziwa?" anatelo aAbednego. "Nenani mchele, mwana wanga, mchele."

Ine mawondo anayamba kuwawa. Pamapeto mawu aja anamvekanso, koma motsika, ngati akukamba ndi nkhuku yeniyeni.

"Thadzi iwe, wanditumikila zaka zonsezi. Mailo ntchito yako yatha."

Kutacha Eneless anapha thadzi lakuda lija. Mowa panalibe, poti panalibe nthawi yofulula, ndipo aAbednego anadandaula kuti kulowana kouma chonchi sanakuonepo chibadwile. Anayala mphasa pakhonde. Apongozi anawatulutsa atawagwila uku ndi uku, mwendo atautambasula. Ine ndinayandikila chokwawa ndi mawondo, ndikuwomba m'manja, ndipo ndinaika patsogolo pawo nsalu yabwino koposa pa katundu wanga, ya maluwa achikasu. Tinasamba m'manja m'beseni limodzi. Iwo anatenga nthutumba m'mbale, nandipatsa dzanja ndi dzanja.

"Dzutsani mutu, mwana wanga."

Ndinadzutsa. Ndinaona nkhope yaing'ono, yakuda bii ndi utsi wa zaka zambili, mphini ziwili m'masaya, thukuta la malungo lili pamphumi. Dzino limodzi la kutsogolo panalibe. Iwonso anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu wamfupi," anatelo. "Belu lanu limamveka ngati la munthu wamtali."

"Inde, amai."

Kanali koyamba kuwatchula choncho.

Pakaliyala ndinapindapo masaka awili, ndinamanga kathabwa m'mbali kuti mwendo ugonepo. Eneless ndi Virginia anati atsatila wapansi ndi mwana. Poyamba apongozi anagwila zitsulo za pansi pa chishalo, atakhala chowongoka ngati ali m'tchalitchi. Pokwela mapili ndinali kutsika n'kumakankha. Potsetseleka poyamba ndinamva dzanja likugwila malaya anga kumsana, zala ziwili zokha. Pofika pachitsetse chachikulu manja onse awili anali m'chiuno mwanga, akufuula kuti, "Mabuleki, bambo, mabuleki! Sindine mtsuko!" M'mudzi wina azimai anasiya kusinja n'kumationelela. Apongozi anawapatsa moni mokweza, nawonjeza kuti, "Tinalowana, musatulutse maso."

Ku Nyimba tinapeza lole ya chimanga imene inatitenga mpaka ku Petauke. Wothandiza dokotala atamasula nsanza anapukusa mutu, nati tikanachedwako pang'ono akanakamba za kudula. Anatsuka chilonda, apongozi akuluma nsalu yachikasu ija osatulutsa mawu, ndipo anayamba kuwabaya jakisoni. Anagona m'chipatala milungu ingapo, Eneless akuwadikilila. Ine ndinali kugulitsa pamsika wa paboma ndi ku Nyampande, madzulo n'kumawabweletsela nthochi. Azimai a m'chipindamo anali kuwafunsa ngati ndine mwana wawo. Iwo anali kuyankha kuti, "Ndi eni njinga." Mwendo unapola. Amatsimphina, ndipo chipsela ndi chachikulu ngati chikhatho, koma mwendo ndi wawo.

Pobwelela tinatsika lole ku Nyimba, ndipo tinakhala pansi pa mlambe kuyembekeza kuti dzuwa lizizile. Eneless anapita ndi mwana kukafuna madzi. Kutsidya kwa msewu mai wina wogulitsa tiyi anali kutunga madzi mumtsuko. Apongozi anauyang'anitsitsa.

"Uja ndi wanga. Wa chaka chatha. Auika padzuwa, opusa."

Kenako anayang'ana malo osesedwa pafupi ndi pamene tinakhala, pomwe ndinakhomapo zikhomo zinayi kalekale.

"Ndi pano?"

Ndinayang'ana pansi, ndikukanda dothi ndi kamtengo.

"Ndakufunsani, mwana wanga. Ndayamba ndine, njinga yanu yapulumuka."

Pamenepo mawu anatuluka ngati madzi a m'ngalande. Ndinawaonetsa pamene padzakhale khomo, pamene padzakhale benchi, kumene malole amaima, ndi kona imene ndidzaikepo mitsuko pamthunzi. Anandileka ndinene zonse.

"Mwasunga mawu anu m'chipatala monse muja. Ndinali kuyembekeza tsiku lililonse kuti lelo anena. Mwamuna wa Rosemary sakanatha. Eneless mudzamutenge tikakolola. Mwana wamkazi si mbuzi yomanga pachikhomo. Ine ndinamangidwa pamudzi paja kuyembekeza munthu amene sanabwele."

"Amai, nanunso mubwele. Kuseli kuno kuli malo."

"Mpongozi pakhomo pa mkamwini? Dziko latembenuka ndithu. Mukufuna Virginia andiimbe nyimbo pamtondo?"

"Adzaimba mwezi umodzi, n'kutopa."

"Simumudziwa."

Anatola kadothi pansi, anakalavulila, n'kukapotokola pakati pa zala. Kanafumbutuka. Anakataya.

"Kuno kuli dongo?"

"Sindidziwa, amai."

"Zaka zitatu mukudyela mitsuko, dongo simulidziwa."

Anandiuza maganizo awo mosazungulila. Ngati ku Nyimba kuli dongo logwila, adzabwela, koma m'nyumba yawoyawo, yotalikilako, ndipo adzadya za manja awo. Ngati kulibe, adzatsala kwa Luembe pafupi ndi mtapo wawo, Eneless azipita kukawalimila nthawi ya dzinja, ndipo Josephine akadzakula pang'ono azikakhala nawo. Eneless atamva zimenezi anamukokela mwana pafupi. Ndinaona kuti kwa iye dongo limeneli ndi nkhani yaikulu kuposa malata anga.

Tsopano tili kumudzi, mvula yoyamba yagwa. Pamaso pawo ndimati amai. Ndikamakamba za iwo kwa anthu ndimanenabe kuti apongozi, ndipo ndaona kuti mawuwa sandiopsanso monga kale. Koma miyendo ili ndi mwambo wakewake. Tsiku lina tinakumana kunjila ya kuchitsime, ndipo tonse awili tinapezeka tili patchile, wina uku wina uku. Anayamba kuseka ndi iwo.

Ndafunsa kwa mai wa tiyi uja, ndipo akuti kale kunali nkhalamba ina imene inali kukumba dongo m'mphepete mwa mtsinje, kumunsi kwa mlatho. Telala akuti liliponso kudambo la kuseli kwa sukulu. Apongozi akuti ndisatenge la pamwamba, ndikumbe mpaka mkono wonse ulowe, ndipo ndisasakanize. Loweluka ndipita ndi khasu ndi masaka awili, ndikakumbe malo onse awili, ndibwele nalo kuti aumbe timiphika toyesela. Malata adzayembekeza mpaka timiphikato titatuluka pamoto.